Kodi Mumadziwa? Mawu a Pansi pa Chizindikiro cha Dziko

Kodi mumadziwa kuti mkango ndi kambuku za pa chizindikiro cha boma la Malawi zili ndi mawu pansi pake? Yang'anani pa pasipoti, muona palembedwa "Unity and Freedom", umodzi ndi ufulu. Mawuwa adabwera mu 1964. Kale Nyasaland inkayendera a Chilatini akuti "Lux in Tenebris", kuwala mumdima: mtsamunda kudzitama kuti ndiye adadza ndi nyali, ngati kuti makolo athu sankaona.

Nanga mumadziwa kuti pa ngodya zinayi za Kamuzu, zija za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ufulu padalibe? Pofika 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo Amalawi adadikira mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kuti anene zakukhosi. Zaka zonsezo mawu akuti ufulu adali pompo pa chizindikiro. N'chifukwa chake ine ndimati mawu oterewa sanena zimene dziko lili nazo kale, koma zimene likulakalaka ndi zimene likuopa kutaya.

Onani anansi athu. Tanzania imati "Uhuru na Umoja", mawu athu omwewa koma oyambira pa ufulu. Zimbabwe idawonjezapo ntchito. Ku Zambia, komwe amawerenga mitundu 73, Kenneth Kaunda ankafuula "One Zambia!" khamu n'kuyankha "One Nation!" Umodzi sungasowe, poti malire adalembedwa ndi alendo, nasonkhanitsa m'dziko limodzi anthu a zinenero zosiyana.

Kodi mumadziwa kuti South Africa idasankha chinenero chimene palibenso wochilankhula? Pa 27 Epulo 2000, m'nthawi ya Thabo Mbeki, dzikolo lidasiya mawu a Chilatini n'kutenga a Chi/Xam cha anthu a mtundu wa San, otanthauza kuti anthu osiyanasiyana agwirizane. Nzeru yake ndi yakuya: pa zinenero 11 zaboma za nthawiyo palibe chimene chidakondeledwa, ndipo ulemu udapita kwa eni nthaka oyambirira amene adazunzidwa mpaka chinenero chawo kutha.

Kenya idatenga liwu limodzi, "Harambee", kukokera pamodzi. Jomo Kenyatta adalitchukitsa mu 1963, ndipo sukulu zambiri za m'midzi kumeneko zidamangidwa ndi ndalama zimene anthu adasonkherana okha.

Koma amene amandigwira mtima ndi a Botswana: "Pula", mvula basi. Gawo lalikulu la dzikolo ndi chipululu cha Kalahari, choncho mvula ndiyo dalitso, ndiwo mfuwu wa pamsonkhano, ndipo kuyambira 1976 ndi dzina la ndalama yawo. Mlimi aliyense amene adadikirapo mvula yobzalira sangafune womumasulira. Lesotho nayo sidaiwale: "Khotso, Pula, Nala", mtendere, mvula ndi zokolola zochuluka.