Galimoto Ikakana Kulira: Kudziwa Vuto la Sitata ndi Kuisintha

Kwathu ku Chiwamba, m'boma la Lilongwe, galimoto zakale monga Toyota Hilux ndi Nissan 1400 ndi zimene zimanyamula odwala, maliro ndi mbewu zopita kumsika. Galimoto yotere ikakana kulira usiku pamene mayi woyembekezera akudikira, moyo umakhala pachiswe. Eni galimoto ambiri amafulumira kunena kuti sitata yafa, n'kutaya ndalama pogula ina. M'nkhani ino ndifotokoza zimene ndaphunzira kwa amalume anga, omwe ndi makaniko: munthu ayambe wamvetsera ndi kuyesa asanamasule bawuti iliyonse.

Sitata ndi kamota kamagetsi kamene kamapukusa injini mpaka ilire. Charles Kettering wa ku America ndiye anakonza sitata imene inaikidwa m'galimoto za Cadillac mu 1912. Kale anthu ankapukusa injini ndi chitsulo pamanja, ndipo ena ankathyoka mikono. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kamodzi, kaya ndi pa Pontiac GTO ya mu 1964 ya injini yaikulu ya V8, kaya pa galimoto ya matola. Mukatembenuza kiyi, solenoidi imakankha kagiya kakang'ono kuti kalumane ndi mano a fulayiwilo, n'kutsegulira moto wa batire kuti mota izungulire. Amakaniko amatcha kagiyaka bendikisi, dzina lochokera kwa Vincent Bendix.

Poyamba ndimamvetsera phokoso. Mukamva kuti tetete mofulumira, nthawi zambiri batire ndi yofooka kapena matemino achita dzimbiri. Mukamva khe! kamodzi kokha, vuto lingakhale solenoidi kapena mabulashi otha. Sitata ikamazungulira yokha injini ili chete, bendikisi yafa. Phokoso lokukuta limasonyeza kuti mano adyeka.

Chachiwiri ndimayatsa nyali zakutsogolo n'kutembenuza kiyi. Zikazilala kwambiri, ndimakayikira batire ndi mawaya. Zikapanda kusintha, ndiye kuti moto sukufika pa mota. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 pa mita, ndipo poliza galimoto isatsike kupitirira 9.6. Ndimatsuka matemino ndi madzi otentha osakaniza ndi soda, n'kumanga waya wopita ku chitsulo cha galimoto, chifukwa mabampu a m'misewu yathu yafumbi amaumasula. Galimoto ikalira mutagogoda sitata pang'ono ndi sipanala, dziwani kuti mabulashi atha. Kugogoda ndi kukankha galimoto zimangopulumutsa tsikulo.

Zonsezi zikaloza pa sitata, nthawi yoichotsa yakwana. Ndimayamba ndi kuchotsa waya wa negetivu pa batire, chifukwa sipanala ikakhudza waya wamkulu ndi chitsulo nthawi imodzi pamabuka moto. Ndimatchinga matayala ndi miyala, ndipo sindilowa pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha popanda zigogo zolimba. Kenako ndimaika chizindikiro pa waya aliyense, n'kumasula mabawuti awiri kapena atatu ogwira sitata. Bawuti yomaliza ndimamasula nditaigwirira, pakuti ndi yolemera. Pabowo pamene yachoka ndimasuzumira kuti ndione mano a fulayiwilo, chifukwa akakhala othyoka amawononga sitata yatsopano.

Si sitata iliyonse yofunika kutaya. Kawirikawiri kusintha mabulashi, kupukuta matope ndi kupaka girisi pang'ono kumakwanira. Ngati mawaya am'kati apsa, ndimainyamula popita ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, kumene kuli magalaja ndi ogulitsa zipangizo ambiri. Kumeneko ndimayerekeza kuchuluka kwa mano ndi malo a mabawuti, ndipo ndimapempha wogulitsa kuti ayese sitatayo pa batire ndisanalipire. Poika ndimatsata njira yomweyo mobwerera m'mbuyo, waya wa negetivu n'kukhala womaliza.

Pomaliza, sitata imakhalitsa ngati woyendetsa saipukusa kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi ndipo amaipatsa mpata wozizira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini galimoto amene amayamba ndi khutu, nyali ndi matemino amasunga ndalama zake, ndipo galimoto yake imalira pa nthawi imene mudzi ukuifuna.