Zakaat ya Mpunga ndi Angongole a ku Wovwe

Tikamva mawu akuti Zakaat ambiri a ife maganizo amathamangira ku ndalama za kubanki ndi katundu wa m'sitolo, kotero kuti mlimi amene wakhala pa swafu yakumbuyo amaona ngati nkhaniyo ndi ya anthu a m'tawuni. Pachifukwa ichi tafuna kuti m'kope lino tiyende ulendo wautali pang'ono, tikafike ku Wovwe m'boma la Karonga, kumene chuma cha munthu chimawerengedwa m'matumba a mpunga, ndipo ngongole yakenso imawerengedwa m'matumba omwewo.

Mtsinje wa Wovwe umatsika kuchokera ku mapiri a Nyika ndi kukathira m'nyanja ya Malawi, kum'mwera kwa tawuni ya Karonga. Kumtunda kwake kuli makina opangira magetsi amene anayamba kugwira ntchito mu 1995. Kumunsi, pamene nthaka yayalana, kuli sikimu ya mpunga, imodzi mwa masikimu amene boma linatsegula kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, monganso Hara ndi Lufilya m'boma lomweli. Madzi amapatutsidwa mumtsinje ndi kuyenda okha m'ngalande kufikira m'mapuloti, ndipo chifukwa cha ichi alimi amatha kulima kawiri pachaka, m'dzinja ndi m'chilimwe. Mpunga wa Kilombero umene fungo lake limadzaza nyumba za ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre pa tsiku la Eid, wambiri umachokera m'zidikha za Karonga ngati chimenechi.

Mlendo amene wafika m'mwezi wa June, naona mpunga utayanikidwa pabwalo lililonse, sangakhulupirire kuti kuno kumagonanso njala. Koma abwerenso mu January kapena February. Nthawi imeneyo mpunga wa chaka chatha unapita kale, ana akufuna ndalama za sukulu, puloti ikufuna feteleza ndi aganyu owokera, ndipo chimanga pamsika chakwera mtengo. Chikwerereni mitengo ya zinthu pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtolo umenewu unalemera koposa. Mlimi wopanda pogwira amapita kwa wamalonda, nalandira ndalama lero polonjeza kudzabweza mpunga akakolola. Ikafika nthawi yokolola, matumba amachoka pabwalo asanalowe n'komwe m'nyumba, ndipo January wotsatira munthu uja amapezekanso pakhomo la wamalonda yemweyo. Pambali pa iwowa pali amayi amasiye amene amabwereketsa puloti zawo chifukwa chosowa mphamvu zolimira, okalamba olera zidzukulu, ndi anthu opanda puloti amene moyo wawo ndi ganyu basi.

Tiyambe ndi mlimi amene Allah wam'patsa zokolola. Mu Surah Al-An'aam, ndime ya 141, muli lamulo lopereka gawo la mbewu pa nthawi yokolola, ndipo maulamaa a madh-hab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri m'Malawi muno timatsatira, anafotokoza kuti lamuloli limagwira mbewu zimene anthu amadalira ngati chakudya chawo ndipo zimasungika, monga tirigu, chimanga, mapira ndi mpunga. Zakaat imeneyi siidikira kuti chaka chithe monga imachitira ya ndalama. Imakakamizika pamene njere zalimba m'munda, ndipo imaperekedwa mpunga ukamenyedwa, kuuma ndi kupetedwa.

Mlingo woyambira, umene umatchedwa Nisaab, ndi mawasaq asanu. Wasaq imodzi ndi masaa' 60, ndipo maulamaa ambiri a masiku ano amayerekeza mawasaq asanuwo ndi makilogalamu pafupifupi 653, kutanthauza matumba 13 a makilogalamu 50. Koma pampunga pali mfundo imene alimi ayenera kuimvetsa bwino. Mpunga umasungidwa ndi mankhusu ake, ndipo mabuku a madh-hab athu anauikira mpunga wosapuntha mlingo wa mawasaq 10, pafupifupi matumba 26, poganizira kuti mankhusuwo sadyedwa. Mlimi wa pasikimu asaiwalenso kuti zokolola ziwiri zimene zachitika m'kati mwa miyezi 12 zimaphatikizidwa powerengera Nisaab. Amene wapeza matumba 16 m'dzinja ndi ena 14 m'chilimwe, wafika pa matumba 30, ndipo wadutsa mlingo ngakhale kuti nyengo iliyonse payokha sinafikepo.

Tsono funso limene limautsa mtsutso ndi lakuti, aperekepo angati? Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anasiyanitsa minda iwiri. Umene wamwa mvula, akasupe kapena chinyezi cha m'nthaka umatulutsa gawo limodzi mwa magawo 10. Umene wathiriridwa movutikira, potunga madzi ndi ziweto kapena zida, umatulutsa gawo limodzi mwa magawo 20. Mlimi wa pasikimu akangomva mawu akuti kuthirira amafulumira kudziika m'gulu lachiwiri, ndipo sitimudabwa, pakuti amalipira ndalama ku bungwe la alimi loyang'anira madzi, komanso amatuluka ndi khasu kukagwira nawo ntchito yochotsa matope m'ngalande. Koma Imam An-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, analemba m'buku lake la Minhaj at-Talibin kuti madzi a m'ngalande lamulo lake ndi lofanana ndi la mvula. Chifukwa chimene maulamaa anapereka ndi chakuti ntchito ndi ndalama zimapita pokonza ngalande, ndipo ikakonzedwa madzi amafika m'munda mwa okha. Motero puloti ya ku Wovwe imene madzi ake amangotsika kuchokera kumtsinje ili m'gulu la gawo limodzi mwa 10: pa matumba 30, atatu ndi a osauka. Amene amakweza madzi ndi pampu ya injini kapena yopalasa ndi miyendo ndiye wa gawo limodzi mwa 20, thumba limodzi ndi theka pa matumba 30 omwewo. Ngati mbewu yakula theka la nthawi yake ndi mvula, theka linalo ndi pampu, gawo lake limagwera pakati, matumba atatu pa 40 alionse.

Tikudziwa kuti chiwerengero ichi n'cholemera kwa munthu amene wagula feteleza pamtengo wa lero, makamaka poti madh-hab athu salola kuchotsera zimene mlimi wawononga polima asanawerengere Zakaat. Alipo maulamaa ena a masiku ano amene amalola kuchotsera ngongole imene inatengedwa chifukwa cha mbewuyo, ndipo mlimi amene wapanikizika akhale pansi ndi Sheikh wa pamzikiti wake kuti aone pamodzi. Chimene sitingachivomereze ndi chizolowezi chosankha mpunga wonyowa, wophukusa kapena wosakanikirana ndi mchenga kuti ndiwo upite kwa osauka, pamene Kilombero wabwino akudikira wogula. Ndime ya 267 ya Surah Al-Baqarah inaletsa mchitidwe umenewu poyera.

Nanga matumba atatu aja apite kuti? Surah At-Tawbah, ndime ya 60, inatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, ndipo pakati pawo pali mafukara, masikini ndi angongole. Gulu lachitatuli ndilo timaliiwala kawirikawiri. Munthu amene anakongola pofuna chakudya, mankhwala kapena feteleza, ndipo alibe chobwezera, ali ndi gawo lake m'Zakaat ngakhale atakhala ndi puloti ndi nyumba ya malata. Iye sadzatambasula dzanja pakhomo la mzikiti, chifukwa anthu amamudziwa ngati mlimi. Kumuchotsera ngongole yonse kamodzi kumamubwezera zokolola zake za chaka chamawa, pomwe kumugawira mbale ziwiri za mpunga kumangomudyetsa mlungu umodzi. Ife tikuona kuti makomiti a mizikiti amalakwitsa akamagawa Zakaat pang'onopang'ono kwa aliyense poopa kudandaulidwa, mpaka palibe ndi mmodzi yemwe amene wamasuka. Madh-hab athu amafuna kuti pa gulu lililonse lopezeka alandire anthu osachepera atatu. Sanatilamule kuti tigawe mofanana kwa mudzi wonse.

Komanso Zakaat ili ndi kwawo. Pamene Mtumiki (SAW) anatumiza Mu'adh ibn Jabal ku Yemen, anamulangiza kuti chopereka chitengedwe kwa olemera a kumeneko ndi kubwezedwa kwa osauka a komweko, ndipo pa maziko amenewa maulamaa a Shafi'i saloleza kusamutsa Zakaat kuchoka kudera kumene chuma chili ngati oyenera kulandira alipo. Wamalonda wa ku Limbe kapena ku Mangochi amene wabwereka puloti ku Wovwe ndi kulimitsa mpunga, Zakaat ya mpungawo ndi ya osauka a ku Wovwe, ngakhale mtima wake utam'kokera kwa abale a kumudzi kwawo. Mabungwe aakulu ngati Islamic Zakaat Fund achita ntchito yotamandika polipirira ana sukulu ndi chopereka cha ndalama, koma thumba la mpunga lili ndi njira yaifupi: kuchoka pabwalo la mlimi kupita pakhomo la mnansi.

Tinenepo za amalonda, pakuti ena mwa iwo timaswali nawo limodzi. Kulipiriratu mbewu imene idzaperekedwe m'tsogolo sikoletsedwa m'Chisilamu. Mtumiki (SAW) anapeza anthu a ku Madina akuchita zimenezi ndi tende, ndipo anawaikira malamulo akuti mlingo udziwike, kulemera kudziwike ndi tsiku lopereka lidziwike. Malonda amenewa amatchedwa Salam, ndipo mtengo wonse umaperekedwa pomwepo pamene akugwirizana. Choletsedwa ndi riba, imene kuno timaitcha katapila: kukongoza ndalama kuti zibwere zochuluka, kukongoza ndowa imodzi ya mpunga kuti zibwere ziwiri, kapena kuwonjezera matumba chifukwa mlimi wachedwa kubweza. Ndipo ngakhale pa Salam yovomerezeka, amene wapeza m'bale wake mwana ali kuchipatala, namugula mpunga pa mtengo woti iye mwini angachite nawo manyazi kuutchula pagulu, kapena nabwera ndi ndowa yofutukuka m'mimba poyeza, asadzinamize kuti dzina la Chiarabu lamuyeretsa. Ndime ya 280 ya Surah Al-Baqarah imalamula kumudikira wangongole amene wavutika kufikira atapeza bwino, ndipo ndime ya 282, imene ndi yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ikunena za kulemba ngongole pamaso pa mboni. Pali mfundo inanso imene ambiri saidziwa. Wokongoza sangafafanize ngongole n'kunena kuti imeneyo ndiyo Zakaat yake. Ayenera kupereka Zakaat m'manja mwa wangongoleyo popanda kum'mangirira mawu, ndipo iye akasankha yekha kubweza nayo ngongole, palibe cholakwika.

Tisaiwale kuti Asilamu ku Karonga ndi ochepa, ndipo anansi ambiri a mlimi wa ku Wovwe ndi Akhristu. Maulamaa ambiri amati Zakaat yokakamizika imaperekedwa kwa Asilamu, koma Swadaqah ilibe mpanda wotere, ndipo ufulu wa mnansi suyang'ana chipembedzo chake. Zivomezi zimene zinagwedeza Karonga mu December 2009, kuyambira pa 6 mpaka chachikulu cha usiku wa pa 19 kuchera pa 20, zinapha anthu anayi ndi kuwononga nyumba zikwizikwi, ndipo mabanja a zipembedzo zonse anagona panja limodzi m'nyengo ya mvula. Boma lili ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndi kufika m'maboma onse 28 mu 2018, koma imeneyi imasankha mabanja osaukitsitsa amene alibenso munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mlimi wangongole sapezeka m'kaundula ameneyo, chifukwa mphamvu ali nazo ndipo puloti ali nayo.

Vuto limene latsala ndi la nthawi. Zakaat ya mpunga imatuluka mu June ndi July, pamene mpunga uli ponseponse ndipo mtengo wake uli pansi, pomwe njala ndi ngongole zimabadwa mu January. Mwini mbewu saloledwa kuchedwetsa Zakaat popanda chifukwa, ndipo ikafika m'manja mwa wosauka ndi yake, palibe angamuletse kugulitsa. Chimene jamaa ingachite ndi kusonkhanitsa Swadaqah yapadera pa nthawi yomweyo yokolola, ndowa imodzi kapena ziwiri pakhomo lililonse lokwanitsa, ndi kuisunga ndi mankhusu ake, pakuti mpunga wosapuntha wouma bwino umakhala miyezi yambiri osawonongeka. Ikafika January nkhokwe imeneyo itsegulidwe. Okalamba ndi amasiye alandire ulere, kaya ndi Asilamu kaya ndi Akhristu. Alimi amphamvu akongole mwa Qardh Hasan, ngongole yopanda chiwongola dzanja, ndowa imodzi kudzabwezanso ndowa imodzi. Nkhokweyo ikhale ndi makiyi awiri osungidwa ndi anthu awiri osiyana, amayi akhalemo m'komiti chifukwa ndiwo amadziwa khomo limene moto sunayake, ndipo ndowa yoyezera polandira ikhale yomweyo yoyezera popereka. Chiwerengero cha matumba olowa ndi otuluka chilengezedwe pambuyo pa Swala ya Jumu'ah mwezi uliwonse, koma mayina a olandira akhale m'buku la komiti, asatchulidwe pa mimbari.