Kafukufuku wa chilimbikitso pa ntchito: tingadziwe bwanji kuti zotsatira zake n'zodalirika?

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya a ku Mitundu ndi ku Nathenje anazolowera kulandira alendo onyamula mapepala a mafunso. Amafunsidwa ngati akukhutira ndi ntchito, ngati alawansi imawalimbikitsa, komanso ngati kuunikidwa ndi akuluakulu awo kumawathandiza. Mayankho ake amakafika ku unduna ndi ku mabungwe othandiza, kumene amagamula ngati ndalama zipite ku alawansi, ku njinga, ku maphunziro kapena ku nyumba. Kafukufuku akapendekeka, ndalama zimalowa kolakwika, ndipo wovutika ndi mayi amene wapeza kiliniki ya m'mudzi ili yotseka mwana akutentha thupi. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa mphamvu ndi zofooka za njira zinayi zimene ofufuza amagwiritsa ntchito kawirikawiri.

Njira yoyamba ndi mafunso olembedwa. Imafikira anthu ambiri pa mtengo wochepa, koma chilimbikitso sichiyezeka ngati kulemera kwa mwana pa sikelo. Mawu akuti chidwi, khama ndi kukhutira satanthauza chinthu chimodzi. Mu 1959 katswiri wa ku America, Frederick Herzberg, anasiyanitsa zinthu zimene zimangothetsa madandaulo, monga malipiro, ndi zimene zimapatsa munthu mtima wofuna kuchita bwino, monga kuyamikiridwa ndi kukwezedwa. Funso losakaniza ziwirizi limabweretsa yankho losokonekera. Komanso munthu wofunsidwa bwana wake ali pafupi amayankha zomusangalatsa bwanayo, ndipo amene akuganiza kuti alendowo abweretsa pulojekiti angakokomeze mavuto ake. Mafunso abwino amayesedwa kaye pa anthu ochepa, m'Chichewa, ndipo amafunsidwa pa malo oduka mphepo.

Njira yachiwiri ndi kucheza ndi munthu payekha kapena m'magulu. Apa m'pamene zimamveka zifukwa: kuti fomu younikira ntchito imadzazidwa koma mwiniwake samva zotsatira, kapena kuti ku maphunziro kumapita anthu omwewomwewo. Koma mavolontiya akakhala gulu limodzi ndi alangizi amene amawayang'anira, ena amangokhala chete. Njirayi imatiuza mmene vuto likuchitikira, koma siingatiuze kuti lakhudza anthu angati.

Njira yachitatu ndi kuwerenga zolembedwa kale: makaundula a chipatala, malipoti a pa mwezi olowa mu DHIS2, ndi mafomu ounikira ntchito. Ziwerengero zimaoneka zosakondera, komabe zimasintha pa zifukwa zambiri. Odwala malungo amachuluka m'nyengo ya mvula, choncho kuyerekeza February ndi August sikuonetsa khama la munthu. Mankhwala akatha, ana othandizidwa amachepa ngakhale mlangizi akhale wakhama chotani. Mphotho ikamangidwa pa ziwerengero, pamakhala chiyeso chozikweza, ndipo pamafunika wina wokatsimikiza m'midzi. Ena amasankha kukaonerera ntchito okha, koma munthu amasintha akadziwa kuti akuonedwa. Khalidwe limeneli linatchedwa dzina la fakitale ya Hawthorne, kufupi ndi Chicago, kumene kunachitika kafukufuku wa ogwira ntchito pakati pa 1924 ndi 1932.

Njira yachinayi ndi kuyerekeza malo amene alandira chilimbikitso ndi amene sanalandire. Kufunika kwake kumaoneka pa zimene zinachitika mu 2005, pamene boma linawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo. Ogwira ntchito anachulukadi m'zaka zotsatira, koma nthawi yomweyo sukulu zinkaphunzitsa anthu ambiri kuposa kale, ndipo kuwonjezerako kunachitika m'dziko lonse. Popanda malo oyerekezera, n'kovuta kulekanitsa mphamvu ya ndalama ndi ya maphunziro.

Pulogalamu ya RBF4MNH, imene inayamba mu 2013 ku Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu, inaunikidwa mosiyana. Inkapereka mphotho kwa ogwira ntchito malinga ndi ubwino wa chisamaliro cha amayi ochira ndi makanda. Ofufuza anayerekeza zipatala zolowa m'pulogalamuyi ndi zosalowa, isanayambe komanso itayamba, ndipo anachezanso ndi ogwira ntchito. M'macheza m'mene munamveka kuti ambiri ankalimbikitsidwa ndi zipangizo ndi malo abwino ogwirira ntchito, pamene kagawidwe ka ndalama kankadzetsa madandaulo. Ziwerengero pazokha sizikanaonetsa zimenezi.

Tiyerekeze kuti wina wapereka alawansi ku Mitundu, ndipo akufuna kuyerekeza ndi ku Nathenje. Chipatala cha Mitundu n'chachikulu kuposa cha Nathenje, chimene chili m'mbali mwa msewu wa M1, kotero ziwerengero zake n'zosiyana kuyambira kale. Choyenera kuyerekeza ndi kusintha: Mitundu yasintha motani kuchokera pamene inali, ndipo Nathenje yasintha motani m'miyezi yomweyo. Palinso msampha wina. Malo onsewa ali m'boma limodzi la Lilongwe, ndipo ogwira ntchito amakumana ku misonkhano. A ku Nathenje akamva kuti anzawo akulandira, angagwe ulesi, ndipo alawansiyo ingaoneke yamphamvu kuposa mmene ilili. Ndiponso zipatala ziwiri n'zochepa: namwino mmodzi akasamutsidwa, zotsatira zonse zimagwedezeka.

Palibe njira imodzi yokwanira payokha. Kafukufuku wodalirika amaphatikiza ziwerengero ndi mawu a ogwira ntchito, ndipo amanena poyera pamene ziwirizi zikutsutsana. Mukamawerenga lipoti, funsani kuti anafunsidwa ndani, anawafunsa ndani, m'mwezi uti, ndipo anawayerekeza ndi ndani. Funsaninso ngati anawafikira amene anasiya ntchito, chifukwa iwo ndiwo amadziwa bwino chimene chimafooketsa munthu.

Inu mukapemphedwa kutenga nawo mbali, muli ndi ufulu wofunsa ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC. Mungathe kukana popanda kutaya ntchito, ndipo mayankho anu sayenera kufika kwa bwana wanu ndi dzina lanu. Mukavomera, yankhani zoona ngakhale zisakome, ndipo pemphani kuti zotsatira zidzabwere ku chipatala chanu kuti mudzazione nokha ngati zikufanana ndi ntchito imene mumagwira.