Kakonzedwe ka Pepala Lokulungira Mphatso

Mphatso yoperekedwa poyera, monga nsomba ya pa msika, imacepa ulemu. Cifukwa cace pa Khirisimasi, pa ukwati ndi pokaona mwana wakhanda, anthu ambiri amagula pepala la maluwa ku sitolo. Koma pepalalo ling'ambidwa m'kamphindi, ndipo ndalama imene ikadagula sopo kapena mcere ithera kudzala. Munthu wosamala angathe kudzikonzera lace ndi zinthu za pakhomo.

Malonda a pepala la m'sitolo anakula mwangozi. M'caka ca 1917, mu mzinda wa Kansas City ku America, abale a banja la Hall, eni sitolo ya makadi, anaona kuti pepala lopyapyala lokulungira mphatso lawathera pa nyengo ya Khirisimasi. Anaturutsa mapepala a mawangamawanga ocokera ku France, amene nchito yace inali yomata m'kati mwa maenivulopu, ndipo anthu anawagula onse. Cotero palibe manyazi pokulungira ndi cimene ciripo.

Coyamba cofunika ndico pepala la khaki, longa la matumba a shuga kapena a ufa wa tirigu. Pepala limeneli ndi lolimba cifukwa likonzedwa mwa njira yochedwa kraft, imene Carl Dahl anaitulukira m'caka ca 1879. Liulo m'Cijeremani litanthauza mphamvu. Munthu amatule thumba bwino, aliwaze madzi pang'ono, ndi kulisita ndi simbi yosatentha kwambiri kufikira makwinya atatha.

Caciwiri ndico cidindo. Mbatata ya kacewere idulidwe pakati, ndipo pa mbali yodulidwayo pasemedwe nyenyezi, nsomba kapena mtanda ndi mpeni wakuthwa, pocotsa mnofu wonse wa m'mbali kuti cithunzico citumphuke. Cidindo cipukutidwe ndi kansaru, popeza madzi a mbatata asungunula utoto. Tsamba la cinangwa nalonso lidinda bwino, makamaka mbali yace ya mitsempha.

Cacitatu ndico utoto. Makoko a anyezi owiritsa aturutsa mtundu wacikasu, cidede cipatsa wofiira, dothi la katondo losefa wofiirira, ndipo mwaye kapena makala osinja apatsa wakuda. Utoto wamadzimadzi umayenderera pa pepala, motero uyenera kulimbitsidwa. Supuni imodzi ya ufa wa kondoole iphikidwe m'kapu imodzi ya madzi mpaka ikhale phala losalala. Litazizira lisanganizidwe ndi utotowo. Phalalo ligwiranso dothi ndi mwaye kuti zisayoyoke zitauma.

Podinda, kansaru kopinda kaikidwe m'mbale ndi kunyowetsedwa ndi utoto. Wodinda agunditse cidindo pa kansaruko, nacitsindike pa pepala kamodzi osacisuntha. Ayambire pa ngondya ya kumtunda ndi kutsata mizere kunka kunsi, kuti dzanja lisafafanize zimene zadindidwa kale. Pepala liume pa mthunzi, pakuti dzuwa lilipinda ndi kufwifwitsa utoto wa zomera. Litauma ligone usiku umodzi pansi pa mphasa. Pomanga phukusi, luzi, cingwe ca khonje kapena mlaza wong'amba zikwanira.

Pali cenjezo limodzi. Matumba a simenti, a feteleza ndi a mankhwala a mbeu asakulungire cakudya ngakhale pang'ono, ndipo nyuzipepala isakhudze zakudya za mafuta monga mandasi, cifukwa inki yace imalowerera.

Kumene pepala lisowa, nsaru ilowa m'malo. Ku Japan anthu akhala akukulunga mphatso m'nsaru yochedwa furoshiki kwa zaka mazana ambiri. Mai womanga mphatso ya apongozi ace m'mpango wa kumutu acita cimodzimodzi, ndipo apongoziwo alandira ziwiri: ca m'kati ndi mpango womwe.