Makalata a Asilikari

Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, imene inayamba m'caka ca 1939 ndi kutha mu 1945, anyamata ambiri a m'midzi yozungulira Tamanda ndi Fort Jameson, kumene lero kumachedwa Chipata, analembedwa usilikari. Gulu lao linali Northern Rhodesia Regiment. Ena anamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland mu August 1940, ndipo ena anaoloka nyanja nafika ku Burma mu 1944. Masiku amenewo munthu wakuda akakwera kwambiri anali kukhala sajeni-meja, koma akuru onse a pamwamba anali Azungu.

Msilikari sanali kuloledwa kuchula malo amene anali, kapena kumene gulu lace linali kupita. Kalata iliyonse inali kuyamba yawerengedwa ndi mkuru wa nkhondo, ndipo mau oulula cinsinsi anali kufafanizidwa, kuti mdani angadziwe. Cifukwa cace makalatawo sananene zambiri za nkhondo. Ananena za kumudzi.

Mwamuna anali kufunsa ngati mvula yagwa bwino, ngati cimanga cakwanira m'nkhokwe, ndi ngati ng'ombe zaswana. Anali kulangiza mkazi wace za munda woti ayambe kulima, napempha abale ace kuti amthandize kufolera nyumba dzinja lisanafike. Nkhawa yace inali ndi cifukwa: khasu limodzi litacoka pabanja, munda unali kucepa, ndipo njala inali kuyandikira. Gawo lina la malipiro ace linali kulandiridwa ndi banja lace ku Boma, ndipo kalata ndiyo inali kunena mogwiritsira ndalamazo.

Kalata yocokera kutsidya kwa nyanja inali kukhala masabata ambiri panjira. Nthawi zina malangizo a kubzala anali kufika cimanga citamera kale. Tsono amai ndiwo anali kuweruza okha za kumunda.

Akuru ambiri m'midzi sanadziwe kuwerenga. Kalata ikafika anali kupita nayo kwa mphunzitsi, kapena kuitana mwana wa sukulu. Mwanayo anali kuwerenga pakhonde onse ali cete, pambuyo pace nalemba yankho monga anamuuza. Motero mwana wodziwa kulemba ndiye anali kulunzanitsa atate ace ndi banja lao pa zaka zonse za nkhondo.