Bokosi la lamya likutuluka m'maofesi a ku Johannesburg

JOHANNESBURG – Kwa zaka zambiri, ofesi iliyonse ya kampani yokhazikika mumzinda wa Johannesburg inkakhala ndi bokosi lachitsulo lopachikidwa kukhoma m'kachipinda kokiya, kawirikawiri kuseri kwa malo olandirira alendo. Bokosilo, lomwe amisiri amalitcha PABX, ndilo linkalandira mawaya a lamya ochokera kunja n'kugawa mafoni m'zipinda za ogwira ntchito. Munthu akaimba nambala ya kampani, wolandira alendo ankayankha n'kumulumikiza kwa amene akumufunayo. Ogwira ntchito akafuna kulankhulana okhaokha ankangodina manambala atatu kapena anayi, osalipira kanthu.

Masiku ano makampani ambiri akuchotsa bokosili. M'malo mwake akuchita lendi ntchito yomweyo kwa makampani ena omwe makina awo ali kutali, m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta, ndipo mawu akuyenda kudzera pa intaneti. Otsatsa malonda amati njira yatsopanoyi ndi yotsika mtengo komanso yosavuta, ndipo nthawi zambiri amanena zoona. Chimene satchula kawirikawiri n'chakuti kampani ikachotsa bokosi lake, foni yake imayamba kudalira zinthu ziwiri zomwe mwini bizinesi alibe nazo mphamvu: magetsi ndi chingwe cha intaneti. Mumzinda wa Johannesburg zinthu ziwirizi zakhala zikugwiritsa anthu mwala.

M'njira yakale, kampani inkagula bokosi lake kwa opanga makina monga Siemens, Panasonic, Samsung kapena Ericsson, n'kuchita lendi mawaya a kopa kwa kampani ya Telkom. Makampani akuluakulu ankatenga mtundu wa waya wotchedwa ISDN, womwe umodzi unkatha kunyamula mafoni 30 nthawi imodzi. Ogwira ntchito akachuluka, mmisiri ankayenera kubwera kudzawonjezera zipangizo m'bokosimo. Bokosi likafa, ofesi yonse inkangoti zii mpaka mmisiriyo atapezeka. Nambala nayo inali yomangika ku dera. Pamene makampani ankathawa pakatikati pa mzinda m'zaka za m'ma 1990 kupita ku Sandton, Rosebank ndi Midrand, monga unachitira msika wa masheya wa JSE mu 2000, ambiri anakakamizika kusintha manambala ndi kusindikizanso makalata ndi zikwangwani zawo.

M'njira yatsopano, yomwe imadziwika ndi dzina lakuti VoIP, mawu a munthu amadulidwadulidwa kukhala timaphukusi ting'onoting'ono ta uthenga wa pa kompyuta, tomwe timayenda m'njira yomwe amayendamo makalata a imelo. Ntchito ya bokosi lija imagwiridwa ndi pulogalamu ya kampani yobwereketsa. Foni ya pa tebulo imalumikizidwa ku intaneti ya mu ofesi, ndipo ena safunanso n'komwe foni ya pa tebulo chifukwa nambala ya ku ntchito imalira pa kompyuta kapena pa foni yam'manja. Kampani imalipira mwezi ndi mwezi malinga ndi chiwerengero cha anthu ogwiritsa ntchito.

Luso limeneli linalipo kale, koma ku South Africa linachedwa chifukwa cha malamulo. Mu 1997 boma linagulitsa magawo 30 pa 100 aliwonse a Telkom kwa gulu la Thintana, lomwe eni ake anali SBC Communications ya ku America ndi Telekom Malaysia, ndipo linapatsa kampaniyi zaka zisanu zoti ikhale yokha pa msika wa lamya za mawaya. Makampani a intaneti sankaloledwa kugulitsa ntchito yonyamula mawu. Chiletsochi chinachotsedwa pa 1 February 2005, potsatira chilengezo cha nduna ya zamtokoma ya nthawiyo, Ivy Matsepe-Casaburri. Mu 2008 kampani ya Altech inapambana mlandu ku bwalo lalikulu la milandu ku Pretoria, ndipo chigamulocho chinatsegulira makampani mazanamazana mwayi womanga okha njira zawo zotumizira mauthenga m'malo modalira Telkom.

Ngakhale lamulo linalola, intaneti ya nthawiyo inali yodula ndi yofooka, moti amene anathamangira VoIP m'zaka zoyambirirazo ankadandaula za mawu odukaduka. Zinthu zinasintha zingwe za pansi pa nyanja zitachuluka. Chingwe cha Seacom chinafika ku Mtunzini m'chigawo cha KwaZulu-Natal mu 2009, cha EASSy chinatsatira mu 2010, ndipo cha WACS chinayamba kugwira ntchito kugombe la kumadzulo mu 2012. Mu 2014 anthu okhala ku Parkhurst, dera lina la Johannesburg, anaitana okha makampani kuti adzaike zingwe za fibre m'misewu yawo, ndipo ntchitoyo inapita kwa kampani ya Vumatel. Patangopita zaka zochepa misewu ya madera ambiri a mzindawu inali itakumbidwa.

Pamene fibre imafalikira, kopa ankatha. Akuba akhala akudula mawaya a kopa kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale, ndipo m'madera ena Telkom inaleka kubwezeretsa mawaya obedwa, n'kumasamutsira makasitomala ake ku fibre kapena ku lamya zopanda mawaya. Cha m'ma 2000 kampaniyi inali ndi mafoni a mawaya pafupifupi 5.5 miliyoni, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 anali atatsika osafikanso 1 miliyoni. Opanga mabokosi nawo akubwerera m'mbuyo. Panasonic inalengeza mu 2020 kuti ikusiya malonda a PABX, pamene Avaya ya ku America inathawira ku khothi kawiri chifukwa cha ngongole, mu 2017 ndi mu 2023. Choncho ngakhale mwini bizinesi amene amakonda bokosi lake, tsiku lina adzapeza kuti waya wolowa m'bokosimo kulibe kapena zipangizo zokonzera sizikupezeka.

Pa nkhani ya ndalama, kusiyana kwake n'kofanana ndi kwa kugula nyumba ndi kuchita lendi. Wogula bokosi amatulutsa ndalama zambiri pachiyambi, kenaka n'kumalipira mmisiri ndi mawaya. Wochita lendi sagula makina, koma amalipira mpaka kalekale, ndipo akalephera kulipira foni imadulidwa. Kwa kampani yaing'ono, yomwe lero ili ndi antchito khumi ndipo chaka chamawa angakhale asanu kapena makumi awiri, lendi ndiyo yanzeru. Kwa hotela, chipatala kapena fakitale yokhala ndi mafoni mazana angapo omwe sasuntha, masamu ake amatha kutembenuka pakapita zaka. Malo oterewa alinso ndi chifukwa china chosungira makina awo: namwino ayenera kuitana dokotala wa m'chipinda china ngakhale intaneti ya kunja itaduka. N'chifukwa chake ambiri a iwo amasankha njira yapakati, yosunga bokosi lamakono pamalopo koma n'kulilumikiza kunja kudzera pa intaneti m'malo mwa kopa.

Mliri wa Covid-19 ndiwo unakankhira ambiri omwe ankazengereza. Boma litalamula kuti anthu akhale m'makomo kuyambira pa 27 March 2020, mafoni a mabokosi akale ankangolira m'maofesi opanda anthu. Makampani omwe anali atasamukira pa intaneti anangouza antchito awo kuti ayankhe nambala ya ku ntchito ali kunyumba.

Koma nkhani yaikulu ku Johannesburg ndi ya magetsi. Lamya yakale ya kopa inkalandira mphamvu yake kuchokera ku mabatire a m'nyumba ya makina a Telkom, moti foni wamba inkalira ngakhale nyumba yonse ili mumdima. Fibre imanyamula kuwala, osati magetsi. Kabokosi kolandirira fibre, rauta, makina ogawira intaneti ndi foni ya pa tebulo, zonsezi zimafuna magetsi a mu ofesi. Kampani ya Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana kumapeto kwa 2007, ndipo chaka cha 2023 chinali choipitsitsa, pomwe magetsi anazimitsidwa pa masiku oposa 300. Kuzimitsaku kunaleka kumapeto kwa March 2024 n'kubwereranso masiku ochepa kumayambiriro kwa 2025, koma madera ambiri a mzindawu, omwe amalandira magetsi ku kampani ya khonsolo ya City Power, amakhalabe mumdima nthawi zina chifukwa cha kuba kwa mawaya ndi kukalamba kwa makina.

Apa ndi pamene mbali zonse ziwiri zimanena zoona mwatheka. Okonda bokosi amati kale foni sinkazima. Amaiwala kuti bokosilo linkadalira magetsi a mu ofesi momwemo, ndipo batire lake likatha kunkatsala foni imodzi kapena ziwiri zolumikizidwa mwachindunji ku waya wa kunja. Ogulitsa njira yatsopano amati makina awo sazima chifukwa ali m'nyumba zokhala ndi majenereta, monga za kampani ya Teraco ku Isando kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Izi n'zoona, ndipo phindu lake n'lenileni: ofesi ikakhala mumdima, makinawo amatha kupatutsira mafoni onse ku foni zam'manja, woimbayo osadziwa kanthu. Komabe nsanja za foni zam'manja nazo zimadalira mabatire, omwe ankatha mphamvu kapena kubedwa m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi. Kampani yomwe yasiya kugula bokosi imapezeka ikugula inveta, mabatire ndi njira yachiwiri ya intaneti. Ndalama zimenezi sizilembedwa pa pepala la wotsatsa malonda.

Foni imodzi sifuna intaneti yochuluka; makilobiti pafupifupi 100 pa sekondi ndi okwanira. Chomwe mawu salola ndi kuchedwa. Bungwe la mayiko onse loona za mauthenga la ITU limalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera, apo ayi anthu amayamba kudulana mawu ngati okangana. Choncho n'kofunika kudziwa komwe makina a wobwereketsa ali. Ngati ali ku Ulaya, foni yoimbira munthu wa mu msewu womwewo ikhoza kuwoloka nyanja kawiri. Kutsegulidwa kwa nyumba za makompyuta za Microsoft ku Johannesburg mu 2019 ndi za Google mu 2024 kunachepetsako vutoli, koma sikunalithetse. Pa 14 March 2024 zingwe zinayi za pansi pa nyanja, kuphatikizapo WACS ndi SAT-3, zinaduka kugombe la kumadzulo kwa Africa, ndipo makampani ambiri a ku South Africa analephera kugwiritsa ntchito mapulogalamu a Microsoft kwa maola angapo, pamodzi ndi Teams, yomwe ena amaimbira mafoni.

Phunziro limeneli likukhudza kwambiri mayiko oyandikana nawo. Mu May 2024 zingwe za Seacom ndi EASSy zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Mozambique ndi Malawi. Dziko la Malawi ndi la Zambia alibe gombe, choncho intaneti yawo imadutsa m'mayiko a eni. Magetsi nawo ndi nkhani yodziwika: namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndipo chilala chinaphwetsa nyanja ya Kariba mu 2024 mpaka mabanja ndi mabizinesi a ku Lusaka kumakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi. Njira yomwe ikuyenda bwino ku Sandton ikhoza kukhala yosadalirika ku Chipata, ku Tete kapena ku Mzuzu.

Ngakhale zili choncho, amalonda omwe amagwira ntchito mbali zonse za malire ali ndi chifukwa choyang'anira njira yatsopanoyi. Kampani yotumiza katundu pakati pa Johannesburg ndi Blantyre ikhoza kukhala ndi nambala imodzi ya 011 kapena 010 yomwe imalira m'maofesi onse awiri, ndipo antchito ake n'kumalankhulana ngati ali m'nyumba imodzi. Amalonda ang'onoang'ono ambiri amangodalira WhatsApp, ndipo imawakwanira. Vuto limadza wantchito akachoka ndi foni yake, makasitomala onse n'kupita naye. Malamulo a dziko lililonse ndi osiyana, ndipo ofuna kuchita zimenezi ayenera kufunsa ku MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia kapena INCM ku Mozambique.

Palinso akuba a mtundu wina. Mbava za pa intaneti zimathyola makina a lamya osatetezedwa bwino, makamaka usiku kapena kumapeto kwa sabata, n'kuimba mafoni ambirimbiri ku manambala odula a kunja, mwini kampani n'kudzadzidzimuka ndi bilu. Izi zimachitikira mabokosi a mu ofesi ndi makina a lendi omwe, kungoti wobwereketsa wabwino amakhala ndi anthu olondera usana ndi usiku, pomwe bokosi la m'kachipinda kokiya nthawi zambiri palibe amene amalikumbukira. Makampani omwe amajambula zokambirana za pa foni ayeneranso kutsatira lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021 ndipo limaika malire pa kutumiza uthenga wa anthu kunja kwa dziko. Ndipo pali timafoni tomwe anthu amatiiwala posamuka: ya mu chikepe, ya alamu, ya pa geti. Zambiri mwa izo zinapangidwira waya wa kopa. Foni ya pa intaneti nayonso sidziwitsa apolisi a pa 10111 malo enieni omwe woimba ali, chifukwa nambala ya ku Johannesburg ikhoza kukhala ikuimbidwa kuchokera kwina kulikonse.

Pa zonsezi, chuma chenicheni cha kampani ndi nambala yomwe makasitomala anaizolowera. Kuyambira mu 2010 malamulo omwe bungwe la ICASA limayang'anira amalola kampani kusamuka ndi nambala yake ya dera, monga ya 011, kuchoka kwa wogulitsa mmodzi kupita kwa wina, ndipo mu 2022 mwayiwu unafikiranso manambala oyamba ndi 087, omwe ambiri a VoIP amagwiritsa ntchito. Koma kusamukako kumayenda bwino pokhapokha nambalayo italembedwa m'dzina la kampani yeniyeniyo. Ogulitsa ena ang'onoang'ono amapikula manambala kwa makampani akuluakulu n'kuwasunga m'dzina lawo, ndipo wogulitsa wotereyu akagwa kapena pakabuka mkangano wa bilu, mwini bizinesi amazindikira mochedwa kuti nambala yolembedwa pa galimoto ndi pa zikwangwani zake ndi ya munthu wina.