Kujambula M'kati mwa Tchalitchi Phiri Likuoneka Pawindo

Anzanga ambiri amene ali ndi kamera kapena foni amadandaula chinthu chimodzi. Akajambula m'kati mwa tchalitchi, guwa ndi mabenchi zimaoneka bwino koma mawindo amangoti mbee ngati pepala losalembapo. Akati akonze kuti kunja kuoneke, m'kati monse mumada bii. Kwathu ndi ku Nkolokosa, kumene phiri la Soche limasuzumira pamawindo ambiri oyang'ana chakumwera, ndipo vuto limeneli ndalimbana nalo kokwanira. Ndifuna ndifotokoze gwero lake ndi njira imene ine ndimatsata.

Kamera siinaonongeke ayi. Diso lathu ndi lochenjera: tikayang'ana pawindo kamwana ka m'diso kamachepa, tikabwerera kuguwa kamakulanso, ndipo ubongo umalumikiza zonse ife osadziwa n'komwe. Kamera ilibe mwayi umenewu. Imatsekula kamodzi, kwa nthawi imodzi, basi.

Akatswiri amayeza kuwala ndi muyeso wotchedwa sitopu. Mukaonjeza sitopu imodzi ndiye kuti kuwala mwachulukitsa kawiri. Masitopu 2 ndi kanayi, masitopu 3 ndi maulendo 8, ndipo masitopu 10 ndi maulendo 1,024. Tsono pakati pa phiri lowala ndi dzuwa ndi ngodya yamdima ya tchalitchi pakhoza kukhala masitopu 8 mpaka 10, mwinanso kupitirira. Filimu ya masilaidi imene ansembe ena akale ankagwiritsa ntchito inkakwanitsa masitopu 5 kapena 6 okha, nchifukwa chake zithunzi zambiri zakale za m'matchalitchi zili ndi mawindo oyera opanda kanthu. Makamera a masiku ano amafika patali kuposa apo, komabe mukakakamiza mbali yamdima kuti iwale, imatuluka ndi timadonthomadontho ngati mchenga.

Mankhwala ake ndi kujambula malo amodzi kangapo, chithunzi china cha phiri, china cha guwa, kenaka n'kuziphatikiza. Nzeruyi si yatsopano. Mfalansa wina, Gustave Le Gray, m'zaka za 1856 ndi 1857 ankajambula nyanja pagalasi lina ndi mitambo pagalasi lina, n'kuzisindikiza papepala limodzi. Anthu a nthawi imeneyo anazizwa kuona mafunde ndi mitambo zikuoneka bwino pamodzi. Ife tikuchita zomwezo, kungoti tili ndi kompyuta.

Choyamba, pitani kwa Abambo Mfumu kapena kwa akuluampingo mukapemphe chilolezo. Ntchitoyi si ya nthawi ya Misa, ndiponso imafuna tchalitchi chopanda anthu, pakuti aliyense woyenda amadzatuluka ngati mzukwa pachithunzi chomaliza.

Kamera isasunthe ngakhale pang'ono. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Ngati muli ndi choimikira cha miyendo itatu, chimene ojambula amati tripod, zili bwino. Ngati mulibe, ine ndimadzaza kathumba ndi nyemba kapena mpunga, kuika patebulo, kamera n'kukhala pamwamba pake. Benchi limene munthu wakhalapo musalikhulupirire. Gwiritsani ntchito kawotchi ka m'kamera kodikira masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kanthu.

Tsopano ikani kamera pa M, kuti musankhe nokha zonse. ISO ikhale 100. Chibowo cha lenzi chikhale f/8, ndipo musachisinthe mpaka mutamaliza, chifukwa mukachisintha zinthu zimene zinaoneka zakuthwa pachithunzi choyamba zimasanduka zachimbuuzi pachiwiri, ndiye sizigwirizananso. Fokasi nayo ikani pamanja ndi kuisiya. Chosintha n'chimodzi chokha: nthawi imene kamera ikhala chitsekulire.

Yambani ndi phiri. Tinene kuti likuoneka bwino, miyala ndi mitambo yomwe, pa 1/250 ya sekondi. Jambulani. Kenaka pitani pa 1/60, pa 1/15, pa 1/4, ndi pa sekondi 1. Paliponse mwaonjeza masitopu 2, ndipo zithunzi zisanu zimenezi zatenga masitopu 8. Ngati pansi pa mabenchi kapena kudenga kudakali mdima, onjezani china cha masekondi 4. Manambalawa ndi chitsanzo chabe. Tchalitchi chilichonse chili ndi mdima wake. Lamulo ndi lakuti pachithunzi chakuda kwambiri pasakhale malo oyereratu, ndipo pachowala kwambiri pasakhale malo oderatu. Chitani msanga, mitambo ya pa Soche siidikira munthu.

Magetsi ndimakonda kuzimitsa. Mababu ambiri amatulutsa kuwala kwachikasu pomwe kwa pawindo kumapita kubuluu, ndiye zikasakanikira khoma limodzi limakhala ndi mitundu iwiri. Nyali ya patabernakulo yokha ndiyo siikhudzidwa, ndipo kufiira kwake kumakongoletsa chithunzi. Fulashi iiwaleni, imaphetsa mthunzi wonse umene umapatsa tchalitchi ulemu wake.

Pophatikiza pali njira ziwiri. Yachidule ndi kupereka zithunzi zonse ku pulogalamu kuti isankhe yokha. Mu 2007 akatswiri atatu, Tom Mertens, Jan Kautz ndi Frank Van Reeth, anafalitsa njira imene imayang'ana kadontho kalikonse ndi kukondera chithunzi chimene malowo awala mosapitirira, ali ndi mtundu wabwino ndiponso akuoneka bwino. Pulogalamu yaulere ya Enfuse, imene imabwera ndi Hugin, imatsata njira imeneyi. Mafoni nawo amachita zofanana mukayatsa HDR. Kampani ya Apple inaika HDR m'foni zake mu 2010. Foni imathandiza ndithu, koma m'tchalitchi chamdima kwambiri kawirikawiri imalephera, kapena imawalitsa paliponse mofanana mpaka malo opemphereramo kuoneka ngati sitolo ya ku Limbe.

Njira yachiwiri ndi yamanja, ndipo ndi imene ndimaikonda. Mu GIMP, yomwenso ndi yaulere, tsekulani chithunzi cha m'kati, ndipo pamwamba pake sanjikani cha phiri. Bisani chapamwambacho ndi chophimba chotchedwa mask, kenaka ndi burashi yofewa tsekulani pawindo pokha, pang'onopang'ono. M'mphepete mwa windo ndi mmene muli ntchito. Kuwala kumasefukira pafelemu ndi pakhoma, ndiye mukalumikiza chakuda kwambiri ndi chowala kwambiri mwachindunji, pamabwera mzere wonyansa wozungulira windo. Zithunzi zapakati zija ntchito yake ndi imeneyi: kuwolotsa diso bwinobwino kuchoka kumdima kupita kudzuwa.

Chenjezo langa lalikulu nali. Phiri lisiyeni likhale lowala kuposa m'kati. Ambiri akaona kuti njirayi yatheka amadetsa windo mopitirira, phiri n'kumaoneka ngati kalendala yomata pakhoma. Munthu aliyense, ngakhale agogo amene sanagwirepo kamera, amadziwa kuti kunja masana kumawala kuposa m'nyumba.

Mnzanga wina anandifunsa ngati kuteroku si kunama. Yankho langa ndi lakuti ngati zithunzi zonse zajambulidwa pamalo amodzi, mphindi yomweyo, ndiye kuti mwangobweza zimene diso linaona. Koma kutenga phiri la Mulanje n'kuliika pawindo la ku Nkolokosa, kapena kubzala mitengo pakompyuta pamene palibe, limenelo ndi bodza. Ndipo pa Soche nkhaniyi si yocheza. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa chimvula, matope ndi miyala zinatsika m'phirimo n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi ku Manja. Chithunzi chimene chikuonetsa phirilo monga lilili, pamene pali mitengo ndi pamene yatha, chidzathandiza odzabwera m'mbuyo mwathu kuyerekeza. Choncho lembani tsiku ndi malo kuseri kwake.

Za nyengo, ine ndimasankha Epulo ndi Meyi, mvula itangotha, mpweya uli woyera ndipo phiri lili lobiriwira. Dzuwa nthawi imeneyo limadzera chakumpoto, motero limawalitsa mbali ya Soche imene ikuyang'ana kwathu m'malo molowa m'lenzi. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikhoza kuliphimba masiku angapo, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimalisandutsa lotuwa. Pokatsukitsa, auzeni a pasitudiyo asakonze kuwala ndi makina awo, apo ayi adzayeretsanso windo lija mwalivutikira.